Ogogoda Zitsulo a ku Kasungu

Alendo ambiri opita ku Lifupa amapitira njovu ndi mvuu za padamu paja. Koma mlendo akakhala wofunsafunsa, alonda a nkhalango amatha kumupatutsa n'kukamuonetsa ng'anjo yakale yoima yokhayokha m'tchire, youmbidwa ndi dothi, m'munsi mwake muli mabowo amene munkalowa timapaipi tadothi tokokera mpweya. Pozungulira pake pamwazika zibuma zakuda zolemera, zotsalira za miyala imene inasungunukira pomwepo. Muno munali midzi, minda ndi manda. Boma la atsamunda linapatula dera lino mu 1922, anthu n'kusamutsidwa chifukwa cha kaodzera wobwera ndi kashembe. Mu 1930 linasanduka malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 linakhala paki imene tikuidziwa leroyi. Anthu anatuluka ndi mbuzi zawo, ng'anjo n'kutsala.

Ine ndine wa m'dera la a Chulu, kumalire kwa nkhalangoyi, ndipo ntchito imene yandidyetsa ndi yoyeza zitsulo ndi makina otumiza mawu m'kati mwa chitsulo kuti tidziwe ngati muli mng'alu. Anzanga a ntchitoyi akamafotokoza mbiri yake amayambira ku Russia ndi ku America. Sanama ayi. Koma ine ndimayambira pa ng'anjo zija, chifukwa funso limene makinawa amayankha ndi lomwe lija makolo athu ankadzifunsa atanyamula khasu latsopano: kunjaku likuoneka bwino, nanga m'katimu muli bwanji? Ndipo yankho lipezeke khasulo osaliswa.

Chitsulo cha ku Kasungu chinkabadwa movutikira. Miyala yake ankaikumba m'mphepete mwa madambo, ndipo inali ndi chitsulo chochepa, choncho ankaiphika kawiri. Koyamba inkalowa m'ng'anjo yaitali ija, imene sinkafuna mvukuto: makala akangokolera, mpweya unkadzikoka wokha kudzera m'timapaipi ta m'munsi. Zotuluka m'menemo ankaziphwanya, kuzisankha, n'kuziikanso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto. Panali mankhwala ambirimbiri, panalinso kusala, moti wosungunula sankayandikana ndi mkazi wake mpaka ntchito ithe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri ofufuza zakale, Nikolaas van der Merwe, Donald Avery ndi David Killick, anakhala pansi ndi nkhalamba za kwa Chulu zimene zinaona ntchitoyi zili zazing'ono, mpaka ng'anjo inamangidwanso n'kuyatsidwa kuti aone mmene inkagwirira ntchito. A Killick analemba mbiri ya ntchitoyi, kuchokera mu 1860 kufika mu 1940, pa maphunziro awo ku yunivesite ya Yale. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zinali zikuzima. Makasu a m'sitolo anali otsika mtengo, zitsulo zotha ntchito zinayamba kupezeka, ndipo anyamata oyenera kuwotcha makala anali ku Halale ndi ku Joni.

Za kuchipala ndinazimva kwa agogo anga aakazi, amene bambo awo anali wosula. Chitsulo chochoka m'ng'anjo sichinali choyera. Chinkakhala ndi timatumba ta zinyalala za mwala, ndipo kuti khasu likwane wosula ankalumikiza zidutswa zingapo, kuziwotcha mpaka ziyere mbee, n'kuzimenya ndi nyundo kuti zigwirane. Pamene moto wachepa, zidutswazo zinkangogundana osagwirana: pamwamba posalala bwinobwino, pansi pali mpata. Khasu lotere linkalima masiku angapo, kenako pa chitsa choyamba n'kugawika pawiri. Komatu khasu silinali chinthu chamasewera. Ankalipira nalo milandu, ankasinthanitsa ndi mbuzi, mchere kapena nsalu. Ndiye wogula, anatero agogo, ankalimanga ndi luzi kumbali yolowa mu mpini ija, kulilendewetsa, n'kuligogoda ndi kamwala. Likalira kuti ngwee, mawu n'kupitirira mpaka kuzimirira pang'onopang'ono, ndiye kuti ndi lamoyo. Likangoti phwa n'kukhala chete, wogula ankalibweza. Wosula wochenjera ankayamba wagogoda yekha mlendo asanafike.

Chitsulo chathunthu chikamenyedwa chimanjenjemera chonse pamodzi, ndipo kunjenjemerako n'kumene ife timakumva kukhala kulira. Pakakhala mng'alu, milomo iwiri ya mng'aluwo imakhulana n'kudya mphamvu ija, mawu n'kufa msanga. Amayi ogula miphika ndi mitsuko pamsika wa pa Kasungu boma amachitabe zomwezi ndi chala chopinda, ndipo ogulitsa sakwiya nazo.

Ng'anjo zitazima, khutu lija linangosintha malo ogwirira ntchito. Amalume anga anapita kumigodi ya golide ya ku Joni kudzera ku Wenela, n'kubwerera boma litaletsa ulendowu, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu 74 a kuno kwathu. Ntchito yawo pansi pa nthaka inali yolowa patsogolo pa anzawo miyala ikaphulitsidwa, atanyamula mgwala wautali, kumagogoda denga. "Mphwanga," ankatero akamandiuza nkhaniyi, "mwala wolimba umakuyankha ndi mawu akuthwa. Ukamva ukuti bu, bu, dziwa kuti kuseri kwake kuli mphako. Usaime pansi pake, ugwetse." Anabwerako ndi chifuwa chosatha, koma miyendo yonse iwiri, ndipo ankati ndi khutu limene linawabweretsa.

Kunjanji nakonso kunali ogogoda. Ekiselo ya sitima itathyoka pafupi ndi Versailles ku France mu 1842, anthu ambiri n'kupsera m'mabogi, amisiri anayamba kuzindikira kuti chitsulo chimatopa: mng'alu umayamba waung'ono kwambiri, n'kumakula pang'onopang'ono ulendo uliwonse, mpaka tsiku limene chotsala sichingathenso kunyamula. Pa njanji zomangidwa ndi Angelezi, kuphatikizapo za ku Bulawayo kumene amuna ambiri a kwathu ankagwira ntchito, sitima ikaima munthu ankayenda m'mbali mwake ndi hamala ya mpini wautali, kumenya gudumu lililonse n'kumamvetsera. M'mashopu a njanji munalinso njira ina yosavuta. Ankanyika chitsulo m'mafuta osungunula ndi palafini, kuchipukuta, kuchipaka choko chonyowa, chikauma n'kuchimenya. Mafuta obisala mu mng'alu ankatuluka n'kujambula mzere wakuda pa choko choyera chija.

Kwathu kugogoda kunabwereranso ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anadzaza chigwa cha Kasungu: a Press, a General Farming, ndi alimi a pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Fodya wa fuluu saumira m'chigafa ndi mphepo monga achitira bale. Amapachikidwa m'balani la njerwa, moto wa nkhuni n'kumayaka kunja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi achitsulo oyalidwa pansi. Amatha sabata yathunthu m'menemo, ndipo masiku omaliza kutentha kumafika cha m'ma 70 digiri kuti msempha wa pakati pa tsamba uume. Paipi ikabooka nthawi imeneyo, kamoto kamodzi kothetheka ndi kokwanira.

Bambo anga anali wosonkhezera moto pa esiteti ina. Nyengo yokolola isanayambe ankalowa m'balani chokwawa, kahamala kali m'manja, kugogoda paipi iliyonse, kenako n'kuyatsa udzu wauwisi kuti aone ngati utsi ukutulukira polakwika. Chaka china balani linapsa ndi fodya yense ali m'kati, chonsecho anali ataligogoda. Paipi imene inabooka inalibe mng'alu. Inali itadyeka m'kati ndi dzimbiri ndi moto mpaka kutsala yopyapyala, koma inkalirabe bwino. Mwini esiteti anawadula malipiro, ndipo chaka chimenecho ife tinapita kusukulu opanda nsapato. Ndinakula ndikudziwa kuti bambo sanachite ulesi; hamala ndiyo ili ndi malire. Imamva mng'alu waukulu wokha, sinena pamene uli, sinena kuya kwake, ndipo sinena kuti chitsulo chatsala chochindikala bwanji.

Amene anatseka mpata umenewu anagwiritsa ntchito mawu amene khutu la munthu silimva. Ife timamva kunjenjemera kwa pakati pa ka 20 ndi ka 20,000 pa sekondi. Madzulo padamu la Lifupa pamakhala zokamba zambiri zotidutsa: njovu zimaitanizana ndi mawu a pansi pa malirewo, pomwe mileme imalira ndi a pamwamba pake n'kumamvetsera mmene akubwererera kuti idziwe pamene pali kachilombo. Makina athu amayenda njira ya mleme. Mu 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina, monga quartz, ukaifinya imatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa zinadziwikanso kuti ukaipatsa magetsi imanjenjemera. Mu 1929 Sergei Sokolov wa ku Leningrad anafotokoza kuti mawu otere angaulule zobisika m'chitsulo. Floyd Firestone wa kuyunivesite ya Michigan anapempha chiphaso cha umwini mu 1940, n'kupatsidwa mu 1942, cha makina otumiza mawu mwakanthawi kochepetsetsa n'kudikira kuti abwerere. Ku Britain, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Donald Sproule anapanga ake payekha, ndipo kuyambira mu 1949 abale enanso awiri, Josef ndi Herbert Krautkrämer a ku Cologne, anayamba kupanga makina amene dzina lawo likadali m'kamwa mwa amisiri mpaka lero.

Makinawo ndi kabokosi kokhala ndi sikirini, waya, ndi kamutu kogwira ndi zala. M'kamutumo muli kamwala konjenjemera ka 2 miliyoni mpaka ka 5 miliyoni pa sekondi, malinga ndi kamutu kamene wasankha. Umayamba wapala dzimbiri, n'kupaka girisi kapena mafuta, chifukwa pakangotsala mpweya pang'ono pakati pa kamutu ndi chitsulo, mawu amabwerera pakhomo pomwepo osalowa. M'chitsulo mawu amathamanga mamita pafupifupi 5,920 pa sekondi, pomwe mumpweya ndi 343 okha. Amapita mpaka kuseri kwa chitsulo, akagunda mpweya wa kumeneko n'kubwerera. Makina amawerenga nthawi ya ulendowo, kuchulukitsa ndi liwiro, n'kugawa pawiri poti ulendo unali wopita ndi wobwera. Sekondi imodzi ukaidula magawo 1 miliyoni, ulendo wa pa chitsulo cha mamilimita 10 sukwana magawo 4. Pa sikirini pamatumphuka mzere wosongoka pa 10. Paipi ya bambo anga ikanayezedwa motero, ikanadziulula munthu asanamalize kumwa tiyi.

Kufufuza mng'alu ndiko kumafuna mtima. Tinene kuti chitsulo chako n'chochindikala mamilimita 30. Mzere wa kuseri waima pa 30, ndipo iwe ukukoka kamutu pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi pa 12 patumphuka mzere wina, wa pa 30 uja n'kufupika kapena kuzimiririka. Ndiye kuti pa kuya kwa mamilimita 12 pali chimene chikubweza mawu asanafike kuseri. Kuti udziwe kutalika kwake umakokera kamutu kumbali mpaka mzere watsopanowo utsike kufika theka la msinkhu wake, n'kulemba ndi choko. Umachitanso chimodzimodzi mbali inayo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndipo pali nthenda.

Powotcherera pamavuta koposa, chifukwa pamwamba pake ndi pokhakhala ndipo kamutu sikakhazikika. Pamenepo timagwiritsa ntchito timitu tolowetsa mawu chopendama, pa madigiri 45, 60 kapena 70, titaima pambali. Mawu opendamawa amayenda pang'onopang'ono, cha m'ma 3,240 mamita pa sekondi, ndipo makina amakuuza kutalika kwa njira imene adutsa, osati kuya. Ndi kamutu ka madigiri 45, njira ya mamilimita 28 ikutanthauza kuti cholakwikacho chili pa kuya kwa mamilimita pafupifupi 20, ndiponso mamilimita 20 kutsogolo kwa kamutu. Masamu a makona amene ambiri tinkawathawa ku sekondale, apa ndi pamene amadyetsa munthu. Ndipo timitu timafunika tingapo, chifukwa mng'alu wogona motsatana ndi njira ya mawu suwabweza. Amangoulambalala, sikirini n'kukhala phee ngati zonse zili bwino.

Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongonyamula kabokosi ndi kachitsulo kena kamene timayenda nako m'chikwama. Ndi chitsulo choyezera, chodulidwa mosamala kufakitale, chochindikala mamilimita 25, mbali ina chili ndi uta wa mamilimita 100. Usanakhudze ntchito ya mwini, umaika kamutu pamenepo n'kusintha makina mpaka mizere iime pa 25, 50, 75 ndi 100. Umabwereza ukasintha kamutu, ukasintha waya, ndiponso pomaliza ntchito. Ndaonapo anyamata akulumpha zimenezi chifukwa dzuwa latentha ndipo bwana akuthamangira, n'kulemba manambala okongola amene alibe tanthauzo. Makina okonzedwera chitsulo ukawaika pa aluminiyamu amapereka nambala yolakwika, poti liwiro la mawu m'menemo ndi lina. Ukayeza pamwamba pa penti wochindikala ndi makina wamba, thanki yodyeka imaoneka yonenepa, chifukwa mawu amachedwa mu penti ndipo makina amawerenga kuchedwako ngati chitsulo. Ine ndimati lipoti labodza la makina n'loopsa kuposa hamala ya bambo anga, chifukwa wogogoda ndi hamala amadziwa kuti akungoyerekeza, pomwe wolandira pepala lokhala ndi manambala ndi chidindo amakagona tulo.

N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi mayeso. Ine ndinaphunzirira ku Johannesburg, mzinda womwe amalume ankagogoda miyala pansi pake, kumene bungwe la Southern African Institute of Welding limaphunzitsa ndi kuyesa amisiri. Malamulo a dziko lonse a ISO 9712 amagawa oyeza m'magulu atatu: woyamba amayeza motsatira zimene walembedwera, wachiwiri amatanthauzira n'kusaina, wachitatu amalemba njira zoyezera. Satifiketi imatha pa zaka zisanu, ndipo chaka ndi chaka umayezetsa maso. Amalume nditawauza zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. "Ntchito ya makutu, koma akukuyezani maso?" Ndinawayankha kuti inde amalume, masiku ano timamva ndi maso.

Pali nthambi ina ya mbiriyi imene amayi ambiri a ku Kasungu aigwiritsapo ntchito osadziwa. Mu 1955 dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, anatenga zotupa zochotsedwa mwa odwala n'kupita nazo kufakitale ya maboyila ya Babcock and Wilcox ku Renfrew, kukaziyeza ndi makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo. Anaona kuti chotupa cha madzi ndi chotupa cholimba zimabweza mawu mosiyana. Iye ndi injiniya wachinyamata, Tom Brown, anapanga makina ojambula za m'mimba, n'kufalitsa zotsatira mu 1958. Sikani imene mayi woyembekezera amajambulidwa nayo kuchipatala inachokera kumeneko, ndipo mafuta ozizira aja amene anamwino amapaka pamimba ntchito yake ndi yomwe ija ya girisi wanga.

M'dziko muno zitsulo zofuna kuyezedwa zilipo zambiri. Mapaipi akuluakulu ndi makina a magetsi a pa Shire, kuyambira Nkula amene anayamba mu 1966 mpaka Tedzani ndi Kapichira, amakhulidwa ndi madzi a mchenga usana ndi usiku. Maboyila a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi a mafakitale a fodya ku Kanengo, amasunga nthunzi yamphamvu m'kati mwa chitsulo chimene chimadyeka kumene diso silifika. Sitima ya Ilala inamangidwa ku Glasgow mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951, ndipo sitima ya msinkhu umenewo kulikonse padziko amaiyeza kuchindikala kwa thupi lake ndi makina amenewa. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'dziko lathu ndi mabogi olemera, ndipo amene amaganiza kuti mng'alu ndi nkhani ya mayiko osauka akumbukire Eschede ku Germany, kumene mu 1998 mkombero wa gudumu unathyoka sitima ikuthamanga n'kuphetsa anthu 101. Lamulo lathu la chitetezo ndi umoyo pantchito la mu 1997 limafuna kuti maboyila ndi zida zonyamulira katundu ziziyenderedwa ndi munthu wodziwa. Makampani akuluakulu amenewa ali ndi ndalama zoitanira oyeza, ngakhale ochokera kunja.

Mtima wanga uli pa zitsulo za kumudzi. Chiyambire 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, pa malo ogulitsira malonda alionse a m'boma la Kasungu pali wowotcherera. Amapanga ngolo ndi ekiselo ya galimoto yakufa, amalumikiza jeke yodindira mabelo, amawotcherera shafiti ya chigayo, amakonza matirela opita ndi fodya ku Chinkhoma, amaimika nsanja za matanki a madzi pamwamba pa mabwalo osewerera ana asukulu. Ambiri ndi aluso ndithu, ndipo chitsulo amachidziwa kuposa ena amene ali ndi madigiri. Koma akamaliza kuwotcherera amapaka penti, wogula n'kuyang'ana penti. Agogo a agogo athu sankalandira khasu asanalimve kulira, ife timakweza ana pa ngolo imene palibe anaifunsa kanthu.

Sindikunena kuti wowotcherera aliyense wa pa Chulu kapena pa Santhe agule makina. Ndi okwera mtengo, ndipo ndanena kale za kuopsa kwake m'manja mwa wosaphunzira. Koma palafini, choko ndi hamala zili m'golosale iliyonse, ndipo zimagwira ming'alu yambiri imene imayambira pamwamba. A TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira mu 1999, aonetsetse kuti palibe wowotcherera wolandira satifiketi asanadziwe njira zimenezi. Sukulu za ntchito zamanja monga za ku Lilongwe, Namitete, Salima ndi Mzuzu zikhale ndi makina amodzi chabe pasukulu, chitsulo choyezera chake, ndi mphunzitsi wokhoza mayeso a gulu lachiwiri, kuti mwini chigayo azitha kupita ndi shafiti yake n'kulipira pang'ono. Ndipo inu amene mukukagula ngolo mukagulitsa fodya chaka chino, pitani ndi hamala, ndipo muuze mmisiri kuti asapake penti powotcherera musanapaone.